Tinabwera kudzabzala mpingo ku Lilongwe, koma pemphero la m'nyumba mwathu lazima

MayiBusa_Chinsapo
Moni nonse a pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga, lero ndati nane nditule zanga, mwina alipo anadutsamo. Ine ndi abusa kwathu tinachoka ku Mayani ku Dedza chaka chatha titangokolola, kubwera kuno ku Chinsapo kudzayambitsa nthambi ya mpingo wathu. Kumudzi tinali ndi tchalitchi cha njerwa zootcha, munda wathuwathu ndi mbuzi, ndipo Lamulungu anthu ankadzaza mpaka ena kumvera pawindo. Kuno tikupemphera m'kalasi ya sukulu ina yapulaiveti. Akuluakulu sakwana 20, ndipo ambiri ndi amayi omwe amuna awo sabwera.

Zimenezo sizikundiwawa kwambiri, poti ndinkadziwa kuti chiyambi chimavuta. Chikundidya mumtima ndi china. Kumudzi tikatha nsima yamadzulo tinkakhala pamkeka ndi ana, kuimba nyimbo imodzi, kuwerenga Mawu, aliyense n'kupemphera, ngakhale kamng'ono komwe. Kuno zinatha. Lachiwiri abusa ali kumlaga (mapemphero a m'makomo), Lachitatu kuyendera odwala, Lachisanu mapemphero a usiku wonse, mwezi ukamatha akwera phiri la Bunda kukasala kudya. Akamafika pakhomo ana agona kale. Amapempherera Chinsapo yense, koma ana awo papita nthawi asanamve bambo awo akuwatchula mayina m'pemphero. Ineyo ndikagwada mawu sakubwera. M'mutu mumangozungulira lendi, makala ndi madzi ogula pa kiyosiki.

Kodi chikhulupiriro changa ndiye chachepa, kapena pali china chalakwika m'mene tikuchitiramu? Chonde musawanyoze abusa anga. Ndi munthu wabwino, ndipo maitanidwe awo sindiwakayika.

Moto_wa_Pentekoste
Amayi, imeneyo ndi nkhondo yauzimu basi. Mukalowa ndi Uthenga m'dera latsopano, mdani amayamba kumenya mayi wa m'nyumba. Salani kudya masiku atatu, muzidzuka pakati pa usiku, mudzaona kusintha. Ndipo munthu wa Mulungu musamuletse kuphiri.

NaMbewe47
A Moto, munthu akuti akusowa ya makala, inu mukuti asale kudya? Mwawerenga mpaka kumapeto koma?

Moto_wa_Pentekoste
Ndawerenga chemwali. Amene anawaitana ndi amene adzapereke makalawo.

AbusaOpuma
Mayi busa, mwana wanga, ndiyambe ndi funso lanu. Chikhulupiriro chanu sichinachepe. Munthu amene chikhulupiriro chamuthawa sadandaula kuti pemphero lazima m'nyumba, amangoona ngati wapumula. Inu zikukupwetekani, ndiye kuti moyo ulimo.

Koma ndikufunseni: anakutumani ndani? Pa Machitidwe 13, mpingo wa ku Antiokeya unasala kudya ndi kupemphera, n'kuika manja pa Barnaba ndi Saulo, kenako n'kuwatumiza. Taonani kuti kusala kudyako sikunali kwa otumidwa okha, otuma nawo anasala. Kumapeto kwa chaputala 14 awiriwo anabwerera ku Antiokeya komweko kukafotokoza zomwe Mulungu anachita, ndipo anakhala ndi abale nthawi ndithu. Pa Afilipi 4 Paulo akuthokoza mpingo wa ku Filipi pomutumizira thandizo mobwerezabwereza ali ku Tesalonika. Mpingo ukatuma banja umakhala ndi ngongole kwa banjalo, ya pemphero ndi ya m'thumba yomwe.

Mbiri yathu ikunenanso zomwezo. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok atakhazikitsa mishoni ku Mvera mu 1889, kumbuyo kwawo kunali gulu la abusa a mpingo wa Dutch Reformed ku Cape, ku South Africa, omwe ankasonkha ndalama za m'matumba mwawo kuti ntchitoyo iyende. Za kuchepa kwa anthu musade nazo nkhawa. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, anaika m'manda anzawo angapo kumeneko, ndipo wobatizidwa woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Inu chaka chimodzi muli ndi anthu oposa khumi okhala pansi kumva Mawu. Si zochepa.

Chimene sindingachilekerere ndi cha ana. Pa 1 Timoteo 3, Paulo akufunsa kuti munthu amene sadziwa kuweruza nyumba yake adzasunga bwanji mpingo wa Mulungu. Nkhosa zoyamba za abusa anu zimagona m'nyumba mwanumo. Ndaona ana a abusa anzanga, abusa okhulupirika ndithu, atakula osafunanso kuponda pakhomo la tchalitchi, ndipo ukawafunsa satchula umphawi. Amati bambo anali a anthu ena.

MayiBusa_Chinsapo
Zikomo abusa, mwandikhazika mtima pansi. Anatituma ndi a kulikulu la mpingo wathu. Anatiika manja pamsonkhano wapachaka, nalonjeza kutilipirira lendi chaka chathunthu. Miyezi yoyambirira ankatumizadi pafoni, kenako kunangoti zii. Tikaimba amati tilimbe mtima, Mulungu apereka. Alandilodi athu ndi achifundo, koma nawonso amadya za nyumba yomweyi.

Abusa ndi kalipentala wodziwa ntchito. Kumudzi ankakhoma zitseko, mafelemu, mipando, ngakhale mabokosi a maliro. Pobwera kuno zida zonse anasiyira mng'ono wawo, akuti wogwira chikhasu sacheuka. Panopa chikutidyetsa ndi mandasi omwe ndimakazinga m'mamawa, ndi ufa womwe mayi anga amatitumizira paminibasi.

Dikoni_Kawale
Pepani ndilankhula mosabisa. Ndiye kuti mpingowo ukuyendera mandasi a mayi. Ngati kukazinga mandasi si kusowa chikhulupiriro, kupala thabwa kukhala bwanji kusowa chikhulupiriro?

Paulo atafika ku Korinto, mzinda waukulu wamalonda, anakakhala kwa Akula ndi Priskila n'kumasoka nawo mahema. Zili pa Machitidwe 18. Anakhala mumzindawo chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi, mpingo n'kubadwa. Kwa Atesalonika analemba kuti ankagwira ntchito usiku ndi usana kuti asalemetse munthu.

Chinanso, mwati amuna sabwera kutchalitchi. Mwamuna wa m'tauni sangakupatse mpata ukamugogodera ndi Baibulo Loweruka masana, watopa ndi maganyu. Koma yemweyo amatha kukhala ola lathunthu pashedi ya kalipentala kudikira chitseko chake, nkhani zili pakamwa. Pitani ku Mchesi mukaone amuna omwe amasonkhana pomwe pakupalidwa matabwa. Abusa akapachika lona pansi pa mtengo ndi benchi yawo yopalira, pakutha pa mwezi adzadziwa amuna ambiri a m'deralo kuposa omwe awadziwa chaka chonsechi.

Moto_wa_Pentekoste
A Dikoni, 1 Akorinto 9:14, olalikira Uthenga azidya za Uthenga. Ndipo pa Machitidwe 6 atumwi anakana kusiya pemphero ndi Mawu chifukwa cha magome. Musatsitse maitanidwe.

Dikoni_Kawale
Pitirirani pa vesi 15 achimwene. Paulo yemweyo akuti ufulu umenewo sanaugwiritse ntchito. Sila ndi Timoteo atafika kuchokera ku Makedoniya m'pamene anadzipereka kwathunthu ku Mawu, ndipo pa 2 Akorinto 11 akunena yekha kuti abale ochokera ku Makedoniya ndiwo anakwaniritsa kusowa kwake. Thandizo likabwera, ikani sowo pansi. Likapanda kubwera, itoleni. Atumwi a pa Machitidwe 6 anali ndi mpingo wa anthu zikwi, awa ali ndi anthu osakwana 20.

Funsani_Bwino
Ine funso langa ndi lina, ndipo ena akwiya nalo. Ku Chinsapo kukusowa tchalitchi? Kuli CCAP, Katolika, Seventh Day, Assemblies, Anglican sali patali, kuphatikiza mautumiki osawerengeka. Lamulungu sukulu imodzi imakhala ndi mipingo itatu kapena inayi, kalasi iliyonse ndi sipika yake. Anthu 20 amenewo anali osapemphera, kapena achoka kwa m'busa wina wa kalasi yoyandikana? Paulo pa Aroma 15:20 ananena kuti sankafuna kumanga pa maziko a munthu wina. Banja lazulidwa kumudzi komwe linali ndi munda, ana avutika, kuti tingosuntha Akhristu omwewo kuchoka chitseko china kupita china?

Mphunzitsi_Likuni
A Funsani, funso lanu ndi labwino koma taonani chiwerengero. Kalembera wa 2008 anapeza anthu osakwana 700,000 mumzinda wa Lilongwe. Wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Anthu owonjezerekawo sakukhala ku Area 10 kapena ku Area 43. Akudzaza Chinsapo, Mtandire, Mgona, Kauma, Area 36 ndi Area 25 kumapeto uko. Ambiri kumudzi anali a mpingo, ena a kwaya, ena madikoni. Atafika kuno palibe anawafunsa, kalata yosamukira ili m'chikwama mpaka lero. Amaopa tchalitchi chachikulu cha m'tauni chifukwa cha zovala, ndi pepala Sande yomwe amaitana anthu kutsogolo ndi mayina. M'busa wochokera ku Dedza, wolankhula ngati kwawo, wodziwa kuti mwezi uno kumudzi akupalira, amawafika pamtima anthu amenewa. Ine ndikuona malo ake.

Funsani_Bwino
Ngati akufunafuna otayika amenewo, ndilibe nawo mlandu. Koma abusawo adzifunse moona. Ndipo a kulikulu omwe anatuma banja popanda kuwerengera mtengo awerenge Luka 14:28.

MayiBusa_Chinsapo
A Funsani, mwa omwe tili nawo, awiri okha ndi amene anachoka mpingo wina, ndipo abusa anapita kukaonana ndi m'busa wawo asanawalandire. Enawo ndi monga anenera aphunzitsimu.

Namwino_wa_Usiku
Poti mwatchula masipika, ndiloleni ndidandaule pang'ono. Ndimagwira ntchito yausiku masiku ena, ndipo usiku womwe ndili pakhomo ndimafuna tulo. Kuseri kwa nyumba yanga kuli utumiki wina, anthu ake sakwana khumi, koma masipika awiri akuluakulu amalozetsa kunja mpaka 4 koloko m'mawa. Pafupi pomwepo pali gogo wodwala BP ndi ana a sukulu. Ndine Mkhristu, ndimakonda pemphero, koma anthu a mumsewu mwathu mpingo umenewo sadzaulowa, awawidwa nawo mtima. Mayi busa, ngati muli ndi sipika, ilozeni mkati.

Moto_wa_Pentekoste
Mabala akamaliza nyimbo usiku wonse simudandaula, koma dzina la Yesu likamveka ndiye phokoso?

Namwino_wa_Usiku
Mabala timadandaulanso, mpaka kwa amfumu a m'dera tinapita. Koma bala silinena kuti limandikonda. Mpingo umatero.

Kiyibodi_Boy
Anthu 20 m'kalasi safuna sipika n'komwe. Ndalama ya haya ya jenereta ndi mafuta ikhoza kulipira kalasiyo. Ng'oma imodzi ndi manja zikwanira. Za kupemphera m'sukulu musachite nazo manyazi, Paulo ku Efeso anaphunzitsa zaka ziwiri m'sukulu ya Turano.

MwanaWaAbusa88
Tabwererani ku nkhani ya mayiwa, chifukwa ine ndine mwana wa m'nyumba ngati imeneyo. Bambo anga anatumidwa kuchoka ku Thyolo kukayambitsa mpingo ku Ndirande ndili sitandade 4. Nyumba inali ya zipinda ziwiri. Pabalaza ndiye panali tchalitchi, ofesi, chipatala ndi khoti la mabanja. Ndikaweruka kusukulu ndinkapeza nsapato za alendo zili mbwee pakhomo, ndiye ndinkadziwiratu kuti nsima ichedwa ndipo ndiwo zichepa. Homuweki ndinkalembera pakhonde la aneba, buku pabondo. Usiku wina mng'ono wanga anatentha thupi kwambiri, bambo ali kukapempherera mwana wa munthu wina ku Makata. Mayi anamubereka okha kupita naye kuchipatala mumdima. Anachira, koma ine ndinakula ndi mkwiyo umenewo zaka zambiri.

Chinasintha zinthu ndi mayi anga. Sanakangane nawo bambo, sanawaletse kupita kulikonse. Anangoika lamulo lakuti tikatha kudya madzulo chitseko chitsekedwa kwa kanthawi, wogogoda adikira pabenchi panja pokhapokha ngati ndi matenda kapena maliro. Bambo akakhalapo ankatsogolera, akapanda kukhalapo mayi ankatsogolera okha, ndipo mpando wa bambo tinkausiya pomwepo n'kuwapempherera komwe ali. Tsiku lina anafika mochedwa, anaima pakhomo, anamva mng'ono wanga uja akupempha Mulungu kuti adadi azibwera tisanagone. Sanalankhule kanthu. Kuyambira sabata imeneyo anasuntha nthawi ya mlaga kuti uzitha dzuwa lisanalowe.

Ndiye mayi busa, musadikire abusa kuti muyambirenso. Yalani mkeka uja lero lomwe. Ngati mawu sakubwera, ana apemphere, inu muzingoti ameni. Mpingo wa ku Ndirande uja ulipo mpaka pano ndipo ndi waukulu, koma ineyo chinandisunga m'chikhulupiriro si kukula kwa mpingowo, ndi mphindi zija chitseko chili chotseka.

NaMbewe47
Apa ndiye mwalankhula. Misozi yalengeza ndikuwerenga. Koma zisakhale kuti katundu yense agwere mayi. Bambo nawo auzidwe.

WakuMbare
Moni kuchokera ku Harare. Mpingo wathu kuno unabadwa ndi nkhani ngati yomweyi. Agogo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ndipo ankasonkhana okha kupemphera m'Chinyanja. Iwowo ndiwo anapempha kwawo kuti awatumizire m'busa, ndipo mu 1912 Vlok yemwe atchula abusa opumawo anabwera ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Sinodi ya Harare inachokera pamenepo, ndipo inalowa mu CCAP mu 1965. Chomwe ndikufuna kunena n'chakuti m'busa anatsata anthu omwe anali kale ndi njala, sanayambe ndi nyumba kapena chikwangwani. Chomwe chinkawamanga pamodzi kwambiri anthu athu kuno ndi maliro. Munthu wakufera kuchilendo, achibale ali kutali, omwe abwera kudzagona pasiwa ndi kuimba usiku wonse ndiwo abale ako mpaka kale. Funsani anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu omwe ali ku Chinsapo amasonkhana kuti pakagwa zovuta.

WaMphakati
Ine ndine Mkatolika, koma ndiponyepo. Kuno ku Lilongwe, Ambuye Patrick Kalilombe anachititsa sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo miphakati inakhazikika kuchokera pamenepo. Maganizo ake anali akuti wansembe mmodzi sangafike paliponse, ndiye akhristu oyandikana nyumba azisonkhana okha, kuwerenga Mawu, kuyendera odwala awo ndi kuthandizana pamaliro. Abusa anuwo akuchita zonse okha, n'chifukwa chake sapezeka pakhomo. Mwa anthu 20 aja mulibe awiri oti angatsogolere mlaga wa Lachiwiri? Poyamba adzalakwitsa, koma adzaphunzira.

MayiWaChigwirizano
A ku Mbare anena zoona za maliro. Ine ndinabwera ku Area 23 kuchokera ku Dowa, ndipo m'tauni muno ndaona kuti anthu amakuyesa pa zinthu ziwiri: pamaliro ndi pamzere wa madzi.

Pakagwa maliro m'dera lanu, kaya ndi a mpingo uti, kaya ndi Asilamu, kaya womwalirayo sankapemphera, mangani chitenje mupite. Tengani kambale ka ufa ngakhale kochepa. Musakakhale pampando wa alendo ngati mayi busa, pitani kuseri komwe kuli mafuwa, mutenge mthiko. Abusa nawo akakhale ndi amuna pamoto usiku, osapempha kuti alalikire. Amfumu a m'dera amaona zonsezo, ndipo tsiku lina adzawaitana okha kuti abusa tatipempherereni.

Pa kiyosiki paja mukuti pamakudetsani nkhawa, ndi pomwe ine ndinapezera anzanga opemphera nawo. M'mawa kukadali kamdima, zigubu zili pamzere, madzi akutuluka pang'onopang'ono, amayi amayamba kukamba. Wina mwamuna sanabwere usiku, wina mwana amubweza kusukulu chifukwa cha yunifolomu, wina katundu wake alandilodi amutulutsira panja. Simufunika kutsegula Baibulo pamenepo. Mumangomuthandiza kusenza ndowa n'kumuuza kuti masana ndibwera. Mukafika mumakhala naye pakhonde n'kupemphera mawu ochepa. Inunso muwauzeko zanu. Amayi busa ambiri amadwala ndi kubisa, amaganiza kuti akanena zoti lendi yawavuta anyozetsa utumiki. Ayi ndithu. Mayi amene wakuonani mukulira ndi amene adzakukhulupirireni.

Gogo_wa_ku_Mvera
Andilembera ndi mdzukulu wanga, ine maso anatha. Mwana wanga wa ku Chinsapo, zoti ukagwada mawu sabwera zisakuopse. Hana m'kachisi milomo inkangogwedera, mawu osamveka, mpaka Eli anamuyesa woledzera, koma Mulungu anamva. Aroma 8 akuti sitidziwa kupempha monga tiyenera, ndipo Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka.

Ukuti ukagwada m'mutu mumabwera lendi, makala ndi madzi. Nanga ukuzithamangitsiranji? Zimenezo ndiye pemphero lako. Uziti Ambuye, lendi. Ambuye, makala. Amene anatiphunzitsa kupempha chakudya chalero sangaipidwe ndi makala ophikira chakudyacho. Masiku ena tsegula Masalimo uwerenge mokweza, Salimo 13 kapena 121, mawu a m'Masalimowo akhale ako.

Moto ukazima pambaula sukhala pansi n'kumalira, umatenga phale kukapala kwa mnzako. Pezani mayi busa wina wachikulire kumeneko, kaya wa mpingo wina, muzikumana ngakhale kamodzi pamwezi. Ndipo amayi a kumpingo kwanu ku Mayani auzeni zoona zenizeni, asamaganize kuti poti muli ku Lilongwe ndiye mukudya bwino. Ine ndikuikani m'pemphero langa la m'bandakucha, inu ndi ana anu ndi abusa.

Funsani_Bwino
Ine ndikanakhala mayiwa ndikanakwera minibasi kupita kulikuluko ndekha. Lonjezo linaperekedwa pamaso pa msonkhano.

AbusaOpuma
Ayi, asapite okha abusa osadziwa. Zikatero abusa adzaoneka ngati alephera kulamulira nyumba, ndipo m'banjamo mudzalowa chinthu chovuta kuchichotsa. Alembe kalata onse awiri, asaine onse awiri, yopita kwa mlembi ndi kwa wapampando, yotchula tsiku la lonjezo ndi miyezi yomwe sinalipidwe. Pafoni munthu amakuyankha ndi vesi, koma kalata imawerengedwa pakomiti ndi kulowa m'maminitsi. Za ukalipentala ndi za ana, ngati kukambirana awiri kwakanika, ankhoswe alipo, kapena m'busa wamkulu amene abusawo amamulemekeza.

NaMbewe47
Abusa, ndikugwirizana nanu pa kalata. Koma amayi timauzidwa kudikira nthawi zonse. Pamene ankaika manja paja anafunsidwa mayiwa ngati avomera kusamuka?

MayiBusa_Chinsapo
Anandifunsa a NaMbewe, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Tinapempherera nkhaniyi limodzi nthawi yaitali tisananyamuke. Walira mvula walira matope, ndikudziwa. Chomwe sindinavomere ndi kutaya ana.

Ndikudziwitseni zomwe zachitika. Mkeka tinayala monga ananenera a MwanaWaAbusa. Wamng'ono ndiye anayambitsa nyimbo, ine ndinangowerenga Salimo 121, kupemphera ndinalephera, anapemphera mwana wamkulu. Abusa ndinawawerengera zina mwa zomwe mwalemba, makamaka za abusa opuma ndi za ku Ndirande. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati Lolemba ndi Lachinayi madzulo sadzapita kulikonse. Kalata tagwirizana kulemba. Za zida za ukalipentala sanavomere, akuti akufuna apempherere kaye, ndipo ine sindinawakakamize. A Moto, kuphiri apitabe mwezi uno, sindinawaletse.

Koma patuluka nkhani ina. Mwana wathu wamkulu, mtsikana, ali sitandade 8. Abusa akuganiza zomubweza kumudzi kwa agogo ake kuti pakamwa pachepe, komanso akuti kumeneko angawerenge bwino kusiyana ndi nyumba ino yodzaza alendo. Mwanayo sakufuna. Ine mtima uli pawiri.

Moto_wa_Pentekoste
Lolemba ndi Lachinayi ndi zabwino, sindikutsutsa. Popita kuphiriko tsiku lina apite ndi banja lonse masana, ana aone komwe bambo awo amapita.

MwanaWaAbusa88
Musamubweze chonde. Mwana sadzamva kuti ndi nkhani ya ufa, adzamva kuti mpingo watsala ndipo iye ndi amene wachotsedwa. Mchemwali wanga anatumizidwa ku Thyolo chimodzimodzi, mpaka lero amaikamba.

MayiWaChigwirizano
Komatu si ana onse. Wanga ndinamutumiza kwa mayi anga ku Dowa ndipo anasankhidwa kupita kusekondale ali komweko. Zimatengera agogowo ali ndi mphamvu zotani, ndiponso mtsikana wa msinkhu umenewo amafuna maso a mayi ake.

Mphunzitsi_Likuni
Ndilankhule ngati mphunzitsi. Mwana wa sitandade 8 musamusunthe pakati pa chaka. Mayina a olemba mayeso amapita ku MANEB kudzera kusukulu yomwe mwana ali, ndipo ngati analembetsa kale kuno, kusintha malo olembera ndi chintchito. Kuonjezera apo akafika kwina adzapeza anzake ali patsogolo kapena m'mbuyo pa silabasi. Pitani kwa ahedi mawa mukafunse ngati dzina lake linapita kale. Vuto likakhala malo owerengera, kalasi yomwe mumapempheramoyo imakhala yopanda anthu Loweruka, pemphani eni sukulu kuti iye ndi anzake awiri atatu aziwerengeramo. Akalemba mayeso, nkhani ya kumudzi mudzaikambe patchuthi.

Dikoni_Kawale
Mayi busa, pamene abusa akupempherera za zidazo, kwathu kuno kuli mabenchi a Sande sukulu othyoka miyendo, ndipo komiti inavomereza kale ndalama yokonzetsera. Sowo, hamala ndi puleni ndili nazo, ndikhoza kuwabwereka. Afunseni ngati angabwere Lachitatu m'mawa kudzangowaona mabenchiwo, ya minibasi ndibweza ine. Ndilembereni kumbali ndikupatseni malo otsikira.